Mafunso ndi mayankho: kuumba atsogoleri ndi kumanga malo antchito osasala munthu

Awa ndi mafunso amene amazunguza mitu anthu ongopatsidwa kumene udindo woyang'anira anzawo, eni mabizinesi ang'onoang'ono, komanso amene amaona za antchito m'makampani ndi m'maofesi a boma kuno ku Malawi. Ngati muli ndi mlandu weniweni, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kapena kwa loya, chifukwa mayankhowa sangalowe m'malo mwawo.

Kodi utsogoleri ndi wobadwa nawo kapena umachita kuphunziridwa?

Alipo anthu obadwa ndi pakamwa pokoma, oti akaimirira kulankhula aliyense amatchera khutu. Koma kulankhula bwino si utsogoleri. Zimene woyang'anira anzake amachita tsiku ndi tsiku ndi zina: kugawa ntchito mosakondera, kuuza munthu kuti walakwitsa popanda kumunyoza, kukana pempho la mnzake wapamtima, kuteteza wantchito wamng'ono pamaso pa bwana wamkulu. Zonsezi zimaphunziridwa, ndipo zimaphunziridwa pozichita. Munthu amene sanapatsidwepo mpata wotsogolera ngakhale kamsonkhano ka anthu asanu sitinganene kuti alibe mphatso. Sitinamuyese.

Ndakwezedwa kukhala kapitawo wa anzanga omwe dzulo timadyera limodzi. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kumvetsera. Masabata oyambirira khalani pansi ndi munthu aliyense payekha, mumufunse mafunso awiri okha: chikukulepheretsani kugwira bwino ntchito n'chiyani, nanga mukufuna kuphunzira chiyani chaka chino? Lembani zimene akuuzani. Mukatero sankhani chinthu chimodzi chimene mungathe kukonza msanga, kaya ndi ndandanda ya mashifiti kaya ndi magolovesi amene akhala akupemphedwa kwa miyezi, muchikonze. Anthu amakhulupirira mtsogoleri amene wachita kanthu kakang'ono koonekera kuposa wolonjeza zazikulu.

Za chinzake, musadzinamize kuti palibe chimene chasintha. Chasintha. Mukhoza kupitiriza kudya nawo nsima pa nkhomaliro, koma tsiku limene mnzanu wapamtima adzachedwe kuntchito, maso onse adzakhala pa inu. Mukamulekerera, mwauza gulu lonse kuti malamulo ndi a anthu ena okha. Ena amagwera mbali inayo: amayamba kuuma mtima, kufuna kutchedwa bwana ndi anthu omwe anasewera nawo mpira, kuti aoneke kuti ali ndi mphamvu. Zonse ziwiri n'zochokera ku mantha.

Chaka chilichonse timatumiza anthu ku maphunziro a utsogoleri kunyanja, koma akabwerako palibe chosintha. Chikulakwika n'chiyani?

Tinene zoona: ambiri mwa maphunziro a masiku atatu ku Mangochi kapena ku Salima anthu amawakondera alawansi ndi chambo. Si kulakwa kulandira alawansi, malipiro ndi ochepa ndipo aliyense akudziwa. Vuto limabwera pamene ulendowo wasanduka mphoto. Zikatero amene amapita ndi okondedwa a bwana kapena amene nthawi yawo yodya yakwana, osati amene akufunika luso limenelo. Mudzapeza munthu mmodzi ali ndi masatifiketi odzaza khoma, pamene mayi amene amayendetsa nthambi yonse bwana akachokapo sanatumizidwepo n'kamodzi komwe.

Chachiwiri, munthu amabwerera kudzapeza zonse zili momwe anazisiyira. Waphunzira kuti azigawira ena mphamvu, koma bwana wake sasayinira ngakhale kugula tsache popanda iye kuona. Aphunzitsi alibe mlandu pamenepa.

Maphunziro amagwira ntchito akalumikizidwa ndi ntchito yeniyeni. Asanapite, gwirizanani vuto limodzi limene akalimbane nalo akabwerako. Akabwerako, mpatseni mphamvu zochitira zimenezo, ndipo pakatha miyezi itatu mukhale pansi muone pamene zafika. Palinso njira zosalira ndalama zambiri: kumusiyira munthu udindo pamene mkulu wake ali patchuthi, kumutenga pokakumana ndi a banki kapena a Malawi Revenue Authority, kumupatsa kuti akapereke yekha lipoti kwa akuluakulu, kumulumikiza ndi munthu wodziwa zambiri wa m'nthambi ina woti azicheza naye kamodzi pamwezi. Koma samalani ndi kugwirizira udindo kosatha. Munthu akakhala wogwirizira zaka ziwiri popanda kalata kapena malipiro ake, si kumuphunzitsanso kumeneko, n'kumudyera masuku pamutu.

Malo ophunzirira alipo. Ogwira ntchito m'boma ali ndi Malawi School of Government, imene inapangidwa pophatikiza Malawi Institute of Management ya ku Lilongwe ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba. Makampani amapereka kale msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso ndi ntchito zamanja, choncho ndi bwino kukafunsa kumeneko za ndondomeko zothandizira kuphunzitsa antchito anu m'malo mongolipira n'kuiwala.

Mukati malo antchito osasala munthu, mukutanthauza chiyani?

Kulemba ntchito anthu osiyanasiyana ndi chiyambi chabe. Funso lenileni ndi lakuti: akalowa, amamvedwa? Kampani ikhoza kukhala ndi amayi ambiri, Atumbuka, Ayao, Asena, Alomwe, Achewa, Angoni, ndi munthu mmodzi woyenda pa njinga ya olumala amene chithunzi chake chili pa kalendala, koma zisankho zonse zikupangidwa ndi amuna anayi Lachisanu madzulo ku malo omwera. Msonkhano wa Lolemba umangokhala wodalitsa zomwe zinatha kale. Malo otere ndi osala anthu, ngakhale palibe amene watukwanidwa.

Malamulo athu amati chiyani pa tsankho la kuntchito?

Gawo 20 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaletsa tsankho la mtundu uliwonse, ndipo gawo 31 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulowa mgwirizano wa antchito. Lamulo la Employment Act la 2000, pa gawo 5, limaletsa kusala wantchito kapena wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, kumene anachokera, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ngakhalenso udindo wosamalira banja. Kuletsaku sikuthera pa kulemba ntchito pokha: kumakhudzanso maphunziro, kukwezedwa ndi kuchotsedwa ntchito. Gawo 6 limati ntchito yofanana kulemera kwake ilipidwe mofanana.

Lamulo lomweli limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asachotsedwe asanapatsidwe mpata wodziyankhira. Mlandu ukafika ku khothi, amene ayenera kuonetsa chifukwa chochotsera ndi wolemba ntchito. Madandaulo amayambira ku ofesi ya zantchito, ndipo akakanika amapita ku Industrial Relations Court, khothi la milandu ya zantchito. Mabwana ambiri amagonja kumeneko osati chifukwa wantchitoyo sanalakwe, koma chifukwa anamuthamangitsa mwaukali osamumva kaye.

Pamsonkhano ndikafunsa maganizo onse amangoti "zili bwino bwana", koma akatuluka amakang'ung'udza. Nditani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo ulemu umenewu ndi chinthu chabwino. Koma kuntchito ulemu ndi mantha zimavala malaya ofanana, moti bwana akhoza kukhala zaka zambiri akuganiza kuti amalemekezedwa pamene anthu akungodziteteza. Dalaivala amadziwa kuti galimoto ija mabuleki ake atha. Mlonda amadziwa khomo limene katundu amatulukira usiku. Namwino wamng'ono waona kuti mankhwala alembedwa molakwika. Onsewa akakhala chete, kampani imaluza ndalama, mwinanso moyo wa munthu.

Makolo athu vutoli ankalidziwa. Pabwalo la milandu mfumu siyamba kulankhula. Amayamba ndi eni nkhani, kenaka mboni, kenaka nduna, ndipo mfumu imadzamanga mfundo pomaliza itamva onse. Ikanati iyambe ndi iyo, ndani akanayerekeza kunena zosiyana? Chitani chimodzimodzi: yalani nkhani, musanene maganizo anu, yambani kufunsa wamng'ono kupita kwa wamkulu.

Sinthaninso kafunsidwe. "Pali funso?" sililandira yankho. Funsani kuti, "Mai Phiri" kapena aliyense pomutchula dzina mwaulemu, "ndondomekoyi ikakanika, ikanikira pati?" Mwamupatsa chilolezo chotchula vuto popanda kuoneka wamwano. Ena salankhula pagulu ngakhale mutatani; amenewo apezeni paokha, kapena alembe pa kapepala kopanda dzina.

Ndiye pali nkhani ya chilankhulo, imene ambiri saiganizira. Msonkhano wa antchito onse ukachitika m'Chingerezi chokhachokha, alonda, okolopa, amesenjala ndi am'khitchini alipo ndi matupi okha. Munthu amene amaidziwa makina kuposa injiniya amakhala duu poopa kusekedwa akaphonya liwu. Lolani aliyense alankhule m'chilankhulo chimene ali nacho womasuka, wina amasulire ngati kuli kofunika. Izi zikukhudzanso Chichewa chomwechi: ku Karonga kapena ku Rumphi musaganize kuti aliyense ndi womasuka nacho ngati inu.

Chomaliza n'chimene chimavuta. Tsiku limene munthu adzalimbe mtima n'kukutsutsani pagulu, zimene mudzachite m'masekondi khumi otsatira zidzaphunzitsa gulu lonse kwa chaka chathunthu. Mukakwinya nkhope, mwatseka pakamwa pa onse.

Kodi n'kulakwa kulemba ntchito wakwathu ngati ali ndi zomuyenereza?

Aliyense amene ali pa udindo amadziwa mafoni a kumudzi: mwana wa achemwali anamaliza Fomu 4, mwana wa amalume ali ndi digiri koma akungokhala. Kukana kumapweteka, ndipo amakunenani kuti mwaiwala kumene munachokera. Palibe lamulo loletsa m'bale wanu kufunsira ntchito kumene inu mukugwira. Cholakwika ndi inuyo kukhala pa mpando woweruza. Ulurani ubalewo, tulukani m'gulu lofunsa mafunso, ena asankhe.

Koma kukondera koopsa si kwa mwana wa amalume, chifukwa kumeneko kumaoneka. Koopsa ndi kumene mwini wake sakudziwa kuti akukuchita. Mumangomva kuti uyu ndikumumvetsa, uyu ndingamukhulupirire, osazindikira kuti n'chifukwa choti amalankhula ngati inu, munaphunzira sekondale imodzi, kapena mumapemphera mpingo umodzi. Pakatha zaka zisanu nthambi yonse ili ndi mayina a boma limodzi, ndipo aliyense akulumbira kuti anasankha mwachilungamo. Mankhwala ake ndi osasangalatsa koma amagwira: lengezani ntchito poyera, lembani zoyenereza musanaone makalata a ofunsira, ofunsidwa onse afunsidwe mafunso ofanana, ofunsa akhale osiyana kochokera ndipo aliyense alembe malikisi ake payekha asanayambe kukambirana.

Lamulo la 40 ndi 60 lija si kukondera amayi kodi?

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba ndi kusankha anthu m'nthambi za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60. Onani bwino: silitchula amayi okha. Kumene kwadzaza akazi, limateteza amuna. Komanso silikakamiza kulemba munthu wopanda maphunziro kapena luso loyenera.

Amene amati amayi oyenera palibe nthawi zambiri amakhala kuti sanawakonzekeretse. Ngati kwa zaka khumi maulendo a maphunziro, kugwirizira maudindo ndi ntchito zoonekera zonse zimapita kwa amuna, n'zosadabwitsa kuti pa tsiku la intaviyu makalata a amuna ndi amene akulemera. Dziko lino laona Joyce Banda ali mtsogoleri wa dziko kuyambira 2012 mpaka 2014, Anastasia Msosa ali mkulu wa oweruza milandu kuyambira 2013, ndi Catherine Gotani Hara atasankhidwa kukhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019. Nkhani yoti mkazi sangathe inatha kale. Yatsala ndi ya m'maofesi ang'onoang'ono, momwe pamsonkhano mayi yekhayo amene alipo ndi amene amauzidwa kuti alembe mfundo ndi kuthira tiyi, ngakhale ali ndi udindo wofanana ndi amuna onsewo.

Wantchito wanga wodalirika ndi woyembekezera. Ntchito iyenda bwanji?

Iyenda mukakonzekera. Lamulo limapatsa mayi tchuthi cha uchembere chosachepera masabata asanu ndi atatu pa malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo akabwerera ayenera kupeza ntchito yake. Kumuchotsa chifukwa cha mimba ndi mlandu. Kusintha kwa lamuloli mu 2021 kunawonjezera tchuthi cha masabata awiri kwa abambo, ndiponso nthawi yoti mayi aziyamwitsa mwana mkati mwa maola a ntchito. Mimba sibwera modzidzimutsa ngati malungo. Muli ndi miyezi yokwanira kuphunzitsa wina wogwirizira, ndipo pamenepo mwapezanso mpata woyesa mtsogoleri wamawa. Funso lakuti "mukufuna kubereka liti?" lisamveke pa intaviyu.

Tilibe madandaulo aliwonse a nkhanza zokhudza kugonana. Si ndiye kuti kwathu kulibe?

Mwina kulibedi. Koma kawirikawiri kusowa kwa madandaulo kumangosonyeza kuti palibe khomo loti munthu n'kugogoda. Ngati ndondomeko yanu imati dandaulo lipite kwa woyang'anira wako, nanga wovutitsayo akakhala yemweyo? Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi omwe ntchito yawo ili m'manja mwa munthu mmodzi: aganyu a nyengo m'minda ya tiyi ndi ya fodya, ophunzira ntchito, a makontirakiti afupiafupi, antchito a m'nyumba. Mu 2021 kampani ina ya ku Britain yokhala ndi minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo inagwirizana zolipira amayi 36 amene anadandaula za nkhanza zotere, ngakhale sinavomere kulakwa. Mlanduwo unakasumidwa kutali chonchi, ku London, pamene amayiwo ankagwira ntchito pansi pa phiri la Mulanje.

Gender Equality Act imati kuvutitsa munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu wa chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka zisanu, ndipo olemba ntchito ayenera kukhala ndi ndondomeko yothana nazo. Wodandaula sakakamizidwa kudikira kuti za mkati mwa kampani zithe kaye asanapite ku polisi kapena ku khothi, ndipo Malawi Human Rights Commission ndiyo inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa. Inu chitani izi: pakhale anthu osachepera awiri olandira madandaulo, mmodzi akhale mayi, ndondomeko ilembedwe m'chilankhulo chimene antchito amamva, ndipo wosamutsidwa asamakhale wodandaulayo pamene wodandauliridwa akungokhala pa mpando wake.

Timafuna kulemba anthu aulumali, koma kukonza malo si kodula?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo anthu achialubino anali opitirira 134,000. Ndiye kuti mwina muli nawo kale pakati pa antchito anu, kungoti ena sanakuuzeni.

Zina n'zoduladi, monga kuika chikepe m'nyumba yosanja. Koma zambiri si zodula: kusamutsira ofesi ya munthu pansi, kuwaka kanjira kotsetsereka pakhomo, kukulitsa chitseko cha chimbudzi, kusindikiza zikalata m'zilembo zikuluzikulu, kuika pa kompyuta pulogalamu yowerenga mokweza, kuitana womasulira chinenero chamanja pa misonkhano ikuluikulu. Kwa wantchito wachialubino, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, chipewa, mpando wosayang'ana kuwala, ndiponso kuganizira za chitetezo chake pa maulendo ndi pa mashifiti a usiku. Musalote nokha zimene munthu akufuna. Mufunseni mwini wake. Mabungwe oimira anthu aulumali monga FEDOMA, APAM (la anthu achialubino) ndi Malawi Union of the Blind akhoza kukuthandizani, ndipo lamulo la Persons with Disabilities Act la 2024 ndi loyenera kuliwerenga.

Chinanso: musamulembe kuti akhale chokongoletsa. Mpatseni ntchito yeniyeni, mumudzudzule akalakwitsa ngati wina aliyense, ndipo dzina lake lizikhalapo pokambirana za okwezedwa. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno. Ngati ovota anatha, gulu la anthu asanu ofunsa mafunso lingalephere bwanji?

Kodi ndingafunse wofunsira ntchito kuti akayezetse HIV?

Ayi. Lamulo la HIV and AIDS Prevention and Management Act la 2018 limaletsa kusala munthu kuntchito chifukwa cha HIV, ndipo kuyezetsa sikuyenera kukhala chiphaso cholowera ntchito. Wantchito akakuuzani yekha za umoyo wake, nkhaniyo ithere m'makutu mwanu. Mulekeni azikatenga mankhwala pa tsiku lake popanda kufotokozera ofesi yonse.

Nanga za mapemphero ndi maliro? Ena amaoneka ngati akupatsidwa mwayi kuposa anzawo.

Msilamu afuna ola limodzi Lachisanu masana, wa Adventist sagwira ntchito Loweruka, Mkatolika ali ndi Lachitatu la Phulusa, ndipo maliro sasankha tsiku. Mikangano imabuka pamene zilolezo zikuperekedwa malinga ndi nkhope. Khalani pansi ndi antchito mulembe mfundo imodzi yokhudza onse: masiku angati pa maliro a ndani, nthawi yopemphera ibwezedwa bwanji, mashifiti asinthanidwa motani. Ndipo ngati misonkhano yanu imatsegulidwa ndi pemphero, lisamakhale la mpingo wa bwana nthawi zonse.

Bizinesi yanga ili ndi anthu asanu ndi atatu okha. Zonsezi zikundikhudza?

Malamulo oletsa tsankho safunsa kukula kwa bizinesi. Ndipo kwa inu n'kosavuta, chifukwa chikhalidwe cha malo anu ndi inuyo basi. Mmene mumalankhulira ndi mnyamata wotsitsa katundu ndi mmene wogulitsa pakauntala adzalankhulirenso naye. Eni mabizinesi ambiri amaopa kuphunzitsa munthu poti akadziwa adzachoka n'kukatsegula yake. Ena adzachokadi. Koma shopu imene imatsekedwa mwini wake akapita ku maliro ku Ntcheu, chifukwa palibe wina wodziwa mitengo ya kooda kapena wokhulupiriridwa ndi makiyi, imaluza zambiri kuposa pamenepo.

Tingadziwe bwanji kuti zinthu zikusintha?

Osati pofunsa mabwana. Tsegulani mafayilo a zaka ziwiri zapitazi muwerenge: anakwezedwa ndi ndani, anapita ku maphunziro ndi ndani, anagwirizira maudindo ndi ndani, anasiya ntchito ndi ndani. Agaweni malinga ndi amuna ndi akazi, kochokera, msinkhu ndi ulumali. Yerekezani malipiro a anthu ogwira ntchito yofanana. Amene akusiya ntchito afunsidwe chifukwa chake ndi munthu wina, osati amene ankawayang'anira, makamaka atalandira kale ndalama zawo zonse, chifukwa asanalandire adzangoti apeza mwayi wina. Ngati pali mgwirizano wa antchito, onetsani atsogoleri ake ziwerengerozo mumve zimene iwo akuona. Pamsonkhano wotsatira pemphani munthu mmodzi kuti azilemba mwakachetechete amene alankhula ndi amene adulidwa mawu, kenaka mubwereze zomwezo pakatha miyezi isanu ndi umodzi.